Biriwiri ndi Dzenje la ku Benga

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, akapitirira boma la Ntcheu nayamba kukwera zitunda zimene mphepo yake imaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo, amafika pa Biriwiri, pamene msewu womwewo uyamba kuyendera limodzi ndi malire a maiko awiri. Pakuti kuchokera pamenepo mpaka kufupi ndi Dedza, m'malo ambiri amene waima kum'mawa kwa msewu ali m'Malawi, koma mnzake amene wangooloka kukagula sopo pa sitolo ya kumadzulo walowa kale m'dziko la Mozambique, m'chigawo cha Tete. Chipata cha boma chilipo, ndipo oona za ziphaso ndi za msonkho amakhalapo, koma tinjira ta kumunda, ta kuchigayo ndi ta kumanda timadutsa malirewo paliponse, monga tidachitira chiyambire. Anthu a mbali ino ndi a mbali iyo ndi mtundu umodzi: chilankhulo chawo n'chimodzi, ziwongo zawo n'zimodzi, ngoma amavinira pamodzi, amakwatirana, ndipo maliro akagwa uko, mkuwe wake umamveka kuno.

Malire amenewa sadalembedwe ndi munthu wa kuno, ndipo palibe mfumu ya kuno imene idaitanidwa ku bwalo kumene adawakambirana. Adakhazikitsidwa m'pangano limene Angerezi ndi Apwitikizi adasainirana ku Lisbon pa 11 Juni 1891. Ndipo popeza akuluakulu aja sadapondepo pa zitunda zathu, adagwirizana kuti mzere ungotsata msana wa dziko, ndiko kuti pamene madzi a mvula amagawikana, ena kutsikira kum'mawa kunka ku nyanja ndi ku Shire, ena kutsikira kumadzulo kunka ku Zambezi. Mzerewo udang'amba pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, amene atabwerako ku ulendo wawo wautali wa ku Songea adakhazikika pa phiri la Domwe, kotero kuti Domwe adatsala m'manja mwa Apwitikizi, pamene Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, adapezeka ali kwa Angerezi, amene adawapha mu 1896 chifukwa chokana kuwagonjera. Ndipo mu 1953, pamene Inkosi Philip Gomani adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma la atsamunda nilifuna kuwachotsa pa Lizulu, kumene adathawira ndi kwa abale awo omwewo a ku Angónia, ngakhale Apwitikizi adawagwira nawabweza. Chotero anthu a pa Biriwiri adadziwa kalekale kuti umwini wa nthaka imene munthu adakwiriramo mchombo wa mwana wake ukhoza kugamulidwa ndi anthu okhala kutsidya kwa nyanja yamchere, iye osamva n'komwe.

Tsono madzi amene amatsikira kumadzulo aja, akasonkhana m'timitsinje ta ku Tsangano ndi ku Angónia, amakalowa mu mtsinje wa Revúbuè, umene umachoka ku dziko lozizira la kachewere ndi tirigu nutsikira ku chigwa chotentha cha milambe, kumene anthu amalankhula Chinyungwe, mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Pamene mitsinje iwiriyo ikumana pali malo otchedwa Benga, ndipo pansi pa nthaka ya malowo, kufikira ku Moatize ndi kupitirira, pagona malasha ochuluka kotero kuti odziwa za miyala adawawerengera pamodzi ndi nkhokwe zazikulu za malasha pa dziko lonse zimene zidali zisanakumbidwe. Mbiri ya mgodi wa ku Benga ndiyo ndifuna kuikamba pano, chifukwa ndi ya chigawo chimene tapakana nacho, chifukwa ana athu ena adaidya thukuta, ndiponso chifukwa funso limene idasiya, lakuti dzenje likaleka kubala ndalama mwini wake ndani, lafika kale pakhomo pathu.

Malasha a ku Tete sadaoneke dzulo. David Livingstone, atafika ku Tete mu 1856 pa ulendo wake wotsika ndi Zambezi, adaona mizere yakuda ya malasha itaonekera m'magombe a mitsinje, ndipo atabweranso patapita zaka ziwiri ndi sitima yake yapamadzi, adatuma anthu kukakumba malashawo kuti ayese kusonkhezera moto wa sitimayo. M'masiku a Apwitikizi migodi ya ku Moatize idali ya pansi pa nthaka, yolowa ndi nyali pamphumi, ndipo mu 1949 njanji idafika ku Moatize kuchokera ku Dona Ana, kumene idalumikizana ndi njanji ya ku Beira, yomwe ija inkanyamulanso tiyi ndi fodya wa Nyasaland. Dziko lathu lidadalira malasha amenewo zaka zambiri. Makolo athu nawonso ankawadziwa malasha kudzera m'mapewa awo, popeza ambiri a ku Ntcheu ndi ku Angónia adatsika kunka ku Rhodesia ndi ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Ndipo pamene mgodi wa Wankie udaphulika pa 6 Juni 1972, nupha anthu oposa 400, pakati pa akufawo padali Amalawi ndi a ku Mozambique. Ku Moatize komweko tsoka lotere lidagwa mu Ogasiti 1977, pamene mpweya udaphulika mu umodzi wa migodi ya Chipanga nupha anthu oposa 60. Chaka chotsatira boma la Samora Machel lidaika migodiyo m'manja mwa kampani yake ya Carbomoc, ndipo akatswiri ochokera ku East Germany adabwera kudzathandiza.

Kenaka idadza nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene aliyense wa pa Biriwiri amene ali ndi imvi amaikumbukira popanda womkumbutsa. Njanji ya ku Beira idaphwasulidwa, malasha a ku Moatize adangounjikana popanda njira yotulukira, ndipo Malawi, ataona kuti malasha a kwa mnansi sakufikanso, adatsegula migodi yake ku Rumphi, poyamba ku Kaziwiziwi, pambuyo pake ku Mchenga. Kuno kumtunda, makamaka kuyambira 1986, anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano adaoloka msewu usiku ndi usana, ana kumbuyo, mitolo pamutu, ena akukusa ng'ombe zotsala. Ndipo popeza amene adawapeza mbali ino adali amalume, azakhali ndi apongozi awo, ambiri adalandiridwa m'midzi momwemo, ena namanga misasa pafupi ndi msewu, kufikira mitengo ya m'mapiri idatha ndi nkhuni ndi milimo. Pa nthawi imene nkhondo idafika pachimake, Malawi adasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Masitolo a mbali ya kumadzulo adatsala zipupa zokhazokha, zopanda madenga, zobooka ndi zipolopolo, ndipo apaulendo a pa basi adaziona zili choncho zaka zambiri mtendere utabwera. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu nabwerera kukatsegulanso minda imene idasanduka tchire.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri mbiri ya malasha idadzukanso, ndipo idadzuka ndi mkokomo umene chigawo cha Tete chidali chisanaumvepo. Maiko a China ndi India ankamanga mizinda ndi njanji, nafuna chitsulo chosawerengeka. Chitsulo sichisungunuka m'ng'anjo zazikulu popanda malasha a mtundu wina wake, amene amawotchedwa kaye kuti alimbe. Ndipo malasha a mtundu umenewo ndiwo adapezeka ku Moatize ndi ku Benga. Mu 2004 kampani ya ku Brazil, imene tsopano itchedwa Vale, idapambana mpikisano wa chilolezo cha ku Moatize. Kampani ina yaing'ono ya ku Australia, dzina lake Riversdale, idatenga malo a ku Benga, nigulitsako magawo 35 pa 100 alionse kwa Tata Steel ya ku India. Alendo atsopanowa sadafune kulowa pansi ndi nyali monga akale. Njira yawo idali yovundukula dziko: kugwetsa mitengo, kupala nthaka ya pamwamba, kuphulitsa thanthwe ndi wonga, ndi kuchotsa dothi ndi miyala pa magalimoto aakulu koposa nyumba, kufikira malasha ataonekera poyera pansi pa chidzenje chimene munthu woima m'mphepete mwake amaona mnzake wa pansi ngati kadontho. Mgodi wotere sungakhale pamodzi ndi mudzi, kapena munda, kapena manda. Chimodzi chiyenera kuchoka.

Amene adachoka ku Benga ndi anthu a ku Capanga, amene ankakhala m'mbali mwa Revúbuè. Moyo wawo udali wa pamtsinje: ankalima m'madimba chaka chonse, ankawedza, ankaumba ndi kuotcha njerwa, ndipo popeza Moatize ndi Tete zidali pafupi, chilichonse chimene munthu wakolola kapena watola ankachigulitsa tsiku lomwelo. Mabanja mazana angapo adasamutsidwira ku Mualadzi, makilomita makumi angapo kuchokera kumene adabadwira, kumene adapeza nyumba za njerwa ndi malata zitamangidwa m'mizere, koma mtsinje wosaphwa palibe, nthaka yosabala monga ya kudimba, msika uli kutali, kotero kuti pa masiku oyamba madzi akumwa ankabwera pa galimoto, ndi chakudya chomwe ankachita kulandira. A Vale nawonso adasamutsa mabanja oposa 700 kunka ku Cateme, kumene nyumba zina zidayamba kung'aluka zisanathe n'zaka zomwe. Ndipo pa 10 Januwale 2012 anthu a kumeneko, atatopa ndi kudandaula kosayankhidwa, adakhala pa njanji naimitsa sitima ya malasha, mpaka apolisi adadza nawabalalitsa ndi mphamvu. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba za masautso amenewa mu 2013, la Oxfam nalonso mu 2015. Ine chimene chimandiwawa koposa pa nkhani ya Mualadzi ndi ichi, chakuti kusamuka kudayamba pansi pa kampani ina, kudapitirira pansi pa ina, ndipo kudatsirizikira m'manja mwa yachitatu, kotero kuti nkhalamba yofuna kukumbutsa lonjezo inkapeza kuti amene adalonjeza adapita kale, wokhala pa mpando ndi mlendo amene sadamve mawuwo.

Kuno ku Biriwiri zaka zimenezo zidali za chiyembekezo, ndipo sindingawadzudzule amene adayembekeza. Mzinda wa Tete udadzaza alendo, nyumba za lendi zidakwera mtengo, mahotela adamangidwa, ndipo mu 2014 mlatho wachiwiri wa ku Tete pa Zambezi, wotchedwa Kassuende, udatsegulidwa pafupi ndi Benga pomwepo. Chigwa chotentha sichibala kachewere, kabichi ndi nyemba monga zitunda zathu. Choncho matumba a m'minda ya ku Tsangano, ku Angónia ndi m'misika ya m'malire adapeza ogula, ndipo metikali idayenda m'manja pamodzi ndi kwacha. Anyamata amene adaphunzira kumanga, kuwotcherera zitsulo kapena kuyendetsa galimoto adayang'ana kumadzulo m'malo mwa ku Joni, popeza kumeneko kudali kufupi, ndipo chilankhulo sichidali chachilendo kwenikweni. Akuluakulu ena adachenjeza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndi kuti munthu asagulitse ng'ombe kapena kusiya dimba chifukwa cha ntchito ya mgodi. Koma mawu otere samveka bwino pamene mnzako wabwera ndi njinga yamoto yatsopano.

Mu 2011 kampani ya Rio Tinto, imodzi mwa zikuluzikulu za migodi pa dziko lapansi, idagula Riversdale yonse ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 3.7 biliyoni a ku America. Pa nthawiyo tani imodzi ya malasha osungunulira chitsulo inkagulidwa madola oposa 300. Mu Meyi 2012 Pulezidenti Armando Guebuza adatsegula mgodi wa Benga ndi mwambo waukulu. Koma ogulawo adawerengera chuma chimene chidali pansi osawerengera bwino njira yochitulutsira. Kuchokera ku Moatize kufika ku doko la Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo njanji ya Sena yopita kumeneko, ngakhale idakonzedwa nkhondo itatha, inkatha kunyamula matani ochepa poyerekeza ndi amene makampani onse ankafuna kutumiza. A Rio Tinto adaika mtima pa kutsitsa malasha pa mabwato aakulu mu Zambezi mpaka ku nyanja, koma boma la Mozambique lidakana, poopa kuononga mtsinje. Pamwamba pa izo, atakumba adapeza kuti malasha abwino aja adali ochepa kuposa m'mene adaganizira, osakanikirana ndi miyala ndi phulusa lambiri lofunika kutsuka. Ndipo mtengo wa malasha pa misika ya kunja udayamba kutsika chaka ndi chaka. Mu Januwale 2013 kampaniyo idavomera poyera kuti chuma chake cha ku Mozambique chagwa mtengo ndi madola pafupifupi 3 biliyoni, ndipo mkulu wake, Tom Albanese, adatula pansi udindo. Mu 2014 idagulitsa zonse, mgodi wa Benga pamodzi ndi malo ena oyandikana nawo, kwa International Coal Ventures, mgwirizano wa makampani a boma la India umene wamkulu wake ndi Steel Authority of India, pa mtengo wa madola 50 miliyoni okha, ndalama zosakwana magawo awiri pa 100 alionse a zimene idalipira zaka zitatu m'mbuyomo. Tata Steel idakhalabe ndi gawo lake.

Eni atsopanowo sadakhalitse asanaone kuti tani iliyonse imene akukumba ikuwadyera ndalama, pakuti mtengo udali utatsika pansi pa madola 100. Ndipo kumapeto kwa 2015 kukumba kudaima. Mgodi wina wa pafupi, wa Minas Moatize, udali utagwa kale m'mavuto omwewo, kampani yake ya ku London, Beacon Hill Resources, italephera kubweza ngongole. Tiyenera kumvetsa chimene chimachitika mgodi wovundukula ukaima, chifukwa eni ake sanena kuti watsekedwa. Amati wangogona, ukudikira mtengo. Chilolezo chimakhalabe m'manja mwawo, mpanda ndi alonda zimakhalapo, koma antchito ambiri, makamaka olembedwa ndi makontilakita, amauzidwa kuti abwerere kwawo. Dzenje silidikira mwakachetechete: madzi a mvula ndi a pansi amadzazamo ngati sapopedwa, ndipo akakhudzana ndi miyala ya malasha amatha kusanduka owawa, milu ya malasha otsala imatha kudziyatsa yokha ndi kufuka, mphepo ya chilimwe imanyamula fumbi la pa zitunda za dothi kunka nalo m'midzi. Mwezi umene malipiro adaleka ku Benga, wogulitsa mandasi pa chipata, mwini nyumba ya lendi ku Moatize ndi mlimi wa kabichi kuno kumtunda onse adaumva, ngakhale palibe mmodzi wa iwo amene adalandira kalata. Ndipo ngati kuti tsoka limodzi silikwana, m'miyezi yomweyo mfuti zidalirikanso m'madera ena a Moatize ndi Tsangano, anthu zikwi zingapo nathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, kumene pambuyo pake adawasamutsira ku Luwani m'boma la Neno.

Pamenepa m'pamene funso la umwini lidaima poyera. Malamulo a Mozambique amati nthaka yonse ndi chuma chonse cha pansi pake ndi za boma, ndipo sizigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti anthu amene akhala ndi kulima pamalo monga mwa mwambo wawo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe pepala. Komabe chilolezo cha mgodi chikaperekedwa, ufulu wa wolima umagonja, iye napatsidwa chipukutamisozi ndi malo ena. Chilolezocho chimakhala cha kampani yolembetsedwa m'dzikomo. Kampaniyo ili m'manja mwa ina ya kunja. Ya kunjayo ikhoza kugulitsidwa ku Sydney, ku London kapena ku New Delhi popanda khasu limodzi kusuntha ku Benga. Chotero pa zaka zisanu dzenje limodzi lidakhala ndi eni atatu, ndipo a ku Capanga, amene okha adalipira ndi chinthu chosabwezeka, sadawerengedwe pakati pa eniwo. Kwathu kuno munda ukagonekedwa timautcha tsala, ndipo tsala lili ndi mwini wodziwika, amene mfumu ikhoza kumuitana pabwalo; likamagona limabwerera mphamvu, udzu ndi mitengo zimaphukanso, ndipo mwini akalitaya zaka zambiri nyakwawa imatha kulipereka kwa wina wosowa polima. Mgodi wogona ulibe chimodzi mwa zitatuzi: mwini wake saitanika pabwalo la mudzi, nthaka yake siichira pogona, ndipo amene adachotsedwapo sangabwerere kukalima ngakhale papite zaka, popeza chilolezo chikadali chamoyo. Ngakhale chilamulo cha Mose chidaika mlandu pa munthu wokumba dzenje wosaliphimba, ng'ombe ya mnansi wake ikagwamo. Ndipo makolo athu, amene ankatchera nyama ndi mbuna, ankadziwa kuti wokumba ndiye woyankha. Ine ndiona kuti lamulo lililonse la migodi limene lilola munthu kugulitsa phindu la dzenje nasiya mlandu wa dzenjelo kwa osauka okhala m'mphepete mwake ndi lamulo lopunduka, ngakhale litalembedwa ndi anthu ophunzira chotani.

Milandu idakambidwa ndithu pa nkhani ya Benga, koma idakambidwa kutali, ndipo odandaula adali ena. Mu Okutobala 2017 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Britain lidalipitsa Rio Tinto mapaundi oposa 27 miliyoni chifukwa chochedwa kuunika ndi kuulula kuti chuma chake cha ku Mozambique chagwa mtengo. Mwezi womwewo bungwe lotere la ku America lidasumira kampaniyo ku khoti la ku New York, ndipo mlanduwo udatha mu 2023 kampaniyo itavomera kulipira madola 28 miliyoni. Olakwiridwa pa milandu iwiriyi adali eni masheya, amene adaika ndalama zawo osauzidwa zoona pa nthawi yake. Ndipo n'koyenera kuti iwo atetezedwe. Koma ndalama za zilango ziwirizo, zikaphatikizidwa, zimaposa mtengo umene mgodi wonse udagulitsidwira, ndipo zidapita ku maiko amene sadataye dimba ngakhale limodzi.

Tisaganize kuti izi ndi za kwa anansi okha, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo kunena zoona chidatifika kale. Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, kampani ya Eland Coal Mining idakumba malasha movundukula, anthu ena nasunthidwa pa malo awo, ndipo mu 2015, chaka chomwecho chimene Benga adaima, idachoka nisiya maenje osakwirira, amene adadzaza madzi pafupi ndi midzi ndi mabusa a ng'ombe. Mu 2016 a Human Rights Watch adalemba za anthu a kumeneko, amene ankaopera ana awo ndi ziweto zawo, osadziwa ngati madzi a m'zitsime zawo ali abwino, ndiponso osadziwa khomo loti akagogode. Lamulo la migodi limene linkagwira ntchito pa nthawiyo lidali la 1981, limene lidaika miyala yonse ya mtengo wapatali m'manja mwa Pulezidenti poimira anthu a Malawi, koma lidali lofooka pa za kufunsa eni mudzi ndi pa za kukakamiza wokumba kukonza malo asanachoke. Lamulolo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2019, ndipo linanso lidadza mu 2023. Ku Karonga komweko mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, umene kampani ya Paladin idautsegula mu 2009, udagonekedwa mu 2014 mtengo utagwa, ndipo mu 2020 udagulitsidwa uli chigonere kwa kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources.

Mgodi wa Benga udadzukanso kumapeto kwa 2017, mtengo wa malasha utakwera, uli m'manja mwa Amwenye omwe aja. A Vale, amene adaona msanga kuti njanji ya Sena siidzakwana, adamanga njanji yawo yodutsa m'dziko lathu, yolowera ku Chikwawa ndi kupyola Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka, kumene imalumikizana ndi ya ku Liwonde ndi Nayuchi kunka ku doko la Nacala, mtunda wa makilomita oposa 900 kuchokera ku Moatize. Koma nawonso mu 2021 adalengeza kuti akusiya malasha, nagulitsa mgodi pamodzi ndi njanjiyo kwa Vulcan, kampani ya banja la Jindal la ku India, pa madola 270 miliyoni. Ndipo nkhani ya chuma cha pansi pa nthaka yafikanso m'boma lathu lomwe lino la Ntcheu, kumene kufupi ndi malire kuli phiri la Chimwadzulu, pamene miyala ya rube ndi safiro idapezeka mu 1958. Kampani ya Nyala Mines idakumbapo mpaka chilolezo chake chidatha mu 2017, boma osachiwonjezera. Mu 2024 mkulu wa zamalamulo m'boma, a Thabo Chakaka Nyirenda, adalembera kampani ya ku America ya Columbia Gem House, imene inkagula miyala ya pa phirilo, kuti ilipire Malawi madola 309 biliyoni a misonkho ndi zina zimene boma lidati sizidaperekedwe. Kampaniyo idakana, niti mlanduwo ulibe maziko.